Madzi amalowera pati mu wotchi? Zoti mudziwe musanagule wotchi ya mivi mu Harare

Ambiri a ife okhala mu Harare sitisambira. Nyanja ya Malawi ili kutali, ana athu ena sanaionepo n'komwe, ndipo amene amapita ku Lake Chivero amapitira nsomba ndi nyama yowotcha, osati kukadumphira m'madzi. Komabe mawotchi athu ambiri amafa ndi madzi. Madzi ake ndi a m'ndowa yochapira, a pamjigo ku Mabvuku kapena ku Tafara mipopi ikauma, a mvula ya mu Disembala imene imakupeza uli pamzere wa kombi pa Copacabana, ndiponso thukuta la mu Okutobala limene limakhala pansi pa lamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wotchi yovala tsiku lililonse imakumana ndi zimenezi kwa zaka. Imene imapulumuka imapulumuka chifukwa cha timphira tobisika m'kati mwake, komanso chifukwa cha manja a munthu amene amaitsegula tsiku losintha batire. Dzina lolembedwa pankhope limabwera pambuyo.

Wina afunsa kuti nanga wotchi ya chiyani poti foni ili m'thumba. Amene anakhalapo tsiku lonse magetsi atazima, foni n'kuthima masanasana, safunsa zimenezo. Mlonda wa usiku, namwino wowerenga kugunda kwa mtima wa wodwala, mwana wolemba mayeso kumene foni saloleza, womanga nyumba amene manja ake ali matope okhaokha, onsewa amafuna kungoponya diso pamkono. Komanso pali malo ena m'tauni muno amene munthu wanzeru satulutsirapo foni mwachisawawa. Ya mivi ili ndi ubwino wakuti suchita kuwerengera: ukangoona pamene muvi wautali waima, wadziwa kale kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji kuti 7 koloko ikwane.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusitsikira. Pankhope pa wotchi kapena pachivundikiro cha kumbuyo mupezapo mawu akuti WATER RESIST, ndipo nthawi zina pambali pake pamakhala 30M, 50M, 100M kapena 200M. Makampani ena amalemba 3 ATM, 5 ATM, 10 BAR. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi. ATM imodzi kapena BAR imodzi ndi mphamvu imene madzi akuya pafupifupi mamita 10 amapanikiza nayo chinthu, choncho 3 ATM ndiye 30M, 10 BAR ndiye 100M. Munthu akawerenga 30M amaganiza kuti angatsike nayo m'chitsime chakuya mamita 30. Ayi ndithu.

Nambalayo imachokera ku mayeso a m'fakitale. Pali muyezo wa mayiko onse wotchedwa ISO 22810, wa m'chaka cha 2010, umene umafotokoza kayesedwe kake. Wotchi yatsopano, imene sinavalidwepo, amaiika m'kathanki kotsekedwa, n'kukweza mphamvu ya madzi kufika pa nambala yolembedwayo, n'kuisiya kwa mphindi 10. Amaiviikanso kwa ola limodzi m'madzi akuya masentimita 10, komanso amaisinthasintha pakati pa madzi ofunda ndi ozizirirapo. Pomaliza amaitenthetsa pang'ono n'kudonthezera madzi ozizira pagalasi, ndipo m'kati mukachita nkhungu amadziwa kuti madzi analowa. Muyezowu sukakamiza kuti wotchi iliyonse iyesedwe. Kampani ikhoza kungotapa angapo pa gulu lalikulu, amenewo akapambana, onse n'kulembedwa nambalayo. Mawotchi a anthu omira pansi pa nyanja, olembedwa DIVER'S 200M, ali ndi muyezo wawo wokhwima, ISO 6425, umene umafuna kuti iliyonse iyesedwe payokha ndi mphamvu yoposa yolembedwayo ndi 25 peresenti. Amenewo ndi odulirapo, ndipo pochapa zovala sitikuwafuna.

Ndiye manambalawa tiwamve bwanji? Kabuku ka malangizo ka Casio kamanena mosabisa. Wotchi yongolembedwa WATER RESIST popanda nambala ndi yosamba nayo m'manja ndi kuyenda nayo pamvula basi. Ya 5 BAR mutha kugwira nayo ntchito za m'madzi ndi kusambira nayo. Ya 10 BAR ndi 20 BAR imapirira masewera a m'madzi ndi kumira pang'ono popanda botolo la mpweya. Makampani ena amachenjeza kuposa pamenepa, amati ya 50M musakhalitse nayo m'madzi. Kwa ine nkhani ili chonchi: ngati ntchito yanu ndi ya mu ofesi ndipo mumavula wotchi pochapa, 50M ikukwanirani. Koma ngati ndinu munthu wa ndowa, wa kudimba, wotsuka magalimoto, wogulitsa tomato pamsika wopanda denga, musatsike pansi pa 100M. Palibe amene akuti mudzamira mamita 100. Paja nambala ija ndi ya wotchi yatsopano, ndipo mphamvu yotchinga madzi imachepa chaka ndi chaka. Wotchi ya 100M nthawi zambiri imakhala ndi timphira tokulirapo, galasi lochindikala ndi chivundikiro chomangidwa zolimba, moti ngakhale itakalamba imakhala ikadali ndi mphamvu yokwanira ndowa ya madzi. Ya 30M imayamba kale ndi zochepa, ikangotayapo pang'ono basi yatha.

M'misewu ya m'tauni mwina munamuonapo wogulitsa amene waika wotchi m'botolo la madzi lodulidwa pakamwa, wotchiyo ikuyenda bwinobwino m'menemo tsiku lonse. "Onani nokha bambo, iyi silowa madzi," amatero akuligwedeza botololo pamaso panu. Sakunama kwenikweni, koma chionetserocho sichikuuzani kanthu. Madzi a m'botolo ndi akuya masentimita 10 kapena 15, mphamvu yake ndi kachigawo kakang'ono zedi ka BAR imodzi, ndi ozizira, alibe sopo, ndipo palibe amene akukhudza kamutu kotchunira nthawi. Mawotchi ambiri atsopano, ngakhale otchipitsitsa, angapirire zimenezo. Chimene inu mukufuna kudziwa n'chakuti idzakhala bwanji pofika dzinja lachiwiri, ndipo botolo silingakuuzeni.

Madzi ali ndi makomo atatu olowera: m'mphepete mwa galasi, pachivundikiro cha kumbuyo, ndi pakamutu kaja kamene timakoka potchuna nthawi. Pakhomo lililonse pali kamphira kozungulira kamene kamafinyika pakati n'kutseka mpata (pagalasi pena amaikapo kapulasitiki kapena guluu). Khomo la pagalasi silivuta kawirikawiri, pokhapokha galasi litagundidwa n'kuchita mng'alu. La kumbuyo limakhala bwino mpaka tsiku limene munthu watsegula. La pakamutu ndiye lovuta, chifukwa kachitsulo kolumikiza kamutu ndi injini kamadutsa pakati pa kamphirako, ndipo nthawi iliyonse mukakoka kapena kupotokola kamutu, kamphira kamapereseka pang'ono. Fumbi la mu Ogasiti ndi Sepitembala likalowa pamenepo limangofulumizitsa ntchitoyo. Wotchi yoonetsa deti imafuna kukokedwa kamutu kasanu pa chaka, miyezi yosakwana masiku 31 ikatha, ndipo anthu ambiri akatha kutchuna amaiwala kukakankha kuti kabwerere mpaka kumapeto. Kamutu kosakankhika bwino ndi khomo lotsegula, kaya wotchiyo yalembedwa 200M. Ndipo wotchi ikanyowa musakoke kamutu, yambani mwaipukuta iume.

Njira yotetezera khomo limeneli inapezeka kalekale. Mu 1926 kampani ya Rolex inatulutsa wotchi yotchedwa Oyster, imene kamutu kake kanali ndi mazinga: ukatha kutchuna umakakankha n'kukamanga mpaka kathine. Chaka chotsatira mayi wina wa ku England, Mercedes Gleitze, anasambira nayo maola oposa 10 m'madzi ozizira a English Channel ataivala m'khosi, wotchiyo n'kutuluka ikuyenda. Lero luso limenelo silifunanso ndalama za Rolex. Casio MDV-106, imene ambiri amaitcha Duro, ili ndi kamutu ka mazinga, chivundikiro cha mazinga ndi 200M, pamtengo woti munthu wamba atasunga miyezi ingapo angaukwanitse. Kungoti kamutu kotere kamafuna ulemu. Mukakamanga mopotoka mazinga amadyeka, ndipo akadyeka sikathinanso. Mangani ndi zala ziwiri mwapang'onopang'ono, kakangothina lekani.

Kusamba ndi wotchi ndi chizolowezi choipa, ngakhale ya 100M. Mu Juni ndi Julayi tonse timasamba madzi otentha, ndipo madzi otentha ndi ena, a m'mayeso a m'fakitale ndi enanso. Chitsulo, galasi ndi mphira zikatentha zimafufuma mosiyana, mpweya wa m'kati mwa wotchi umakula n'kufuna potulukira, ndipo ikamazizira imatha kukokera chinyezi m'kati ngati kamphira kayamba kufooka. Sopo nayenso amapangitsa madzi kulowa m'timipata timene madzi wamba sakanalowa, n'kuchotsanso girizi wa pakamphira. Petulo, palafini, thinala, mafuta onunkhira ndi mankhwala oyeretsera zovala zimaumitsa mphira ndi pulasitiki. Thukuta lili ndi mchere, ndipo likaumira m'mbali mwa chivundikiro pamodzi ndi fumbi limasanduka litsiro lakuda limene limasunga chinyontho pomwepo. Ngati wotchi yanu ndi ya 50M kapena kuposerapo, kuitsuka ndi madzi ozizira oyera ndi kamswachi kakale kamodzi pa nthawi, kamutu katatsekedwa, kumaithandiza kwambiri.

Tsopano tifike pa tsiku limene mawotchi ambiri amayambira kufa. Batire la wotchi ya mivi limakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Likatha timapita kwa wokonza mawotchi, uja wa katebulo ka galasi pakhonde la sitolo, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso, kabokosi ka timabatire kali pambali. Imani pafupi muone zimene akuchita. Ngati chivundikiro chili chongokanikiza, amalowetsa kampeni pampata n'kutukula, pha! chatseguka. Kamphira kakuda kowonda kamatsalira pachivundikiro kapena kamagwera patebulo. Pakatha zaka zitatu kamakhala katauma, kataphwatalala, pena katatanuka moti sikakwananso m'kangalande kake. Wokonza wothamangira kasitomala wina amakakankhira momwemo, pena kamapanika n'kuduka, pena amangokataya n'kutseka. Wotchi ikuyenda, inu mwalipira, mwapita. Pakapita milungu ingapo mvula yagwa, galasi lachita nkhungu, inu n'kumati kampani inanama.

Funso lake ndi lalifupi, kaya mufunsa m'Chichewa kaya m'Chishona: "Achimwene, kamphirako kali bwanji? Muli nako kena?" Wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso limeneli. Amakanyamula n'kukuonetsani, amapukuta kangalande, amakapaka girizi wa silikoni pang'ono kapena kuikapo katsopano ka saizi yomweyo, ndipo potseka amagwiritsa ntchito chokanikizira chake, osati pulayala. Batire latsopano amaligwira ndi kopanira ka pulasitiki. Wokonza wotereyu mukamupeza musamusiye, ngakhale atakulipiritsani dola ina pamwamba. Ngati sitolo ili ndi makina oyesera ngati wotchi yatsekeka bwino, bola kwambiri.

Batirelo liyang'aneninso. Mawotchi ambiri a mivi otsika mtengo amagwiritsa ntchito SR626SW, limene ena amalilemba kuti 377. Pali lina lofanana nalo kukula kwake, LR626 kapena AG4, limene limagulitsidwa pakhadi pamtengo wotsika kwambiri. Limalowa bwinobwino ndipo wotchi imayenda, koma mankhwala a m'kati mwake ndi ena: limatha msanga, mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, ndipo limakonda kutulutsa timadzi toyera timene timadya injini. Zilembo ziwiri zoyambirira ndiye zofunika, SR osati LR. Batire likatha musasiye wotchi m'kabati chaka chonse lili momwemo, chifukwa batire lakufa ndi limene limadontha.

Chifukwa cha tsiku losintha batire lija, pogula ndimayamba kuitembenuza wotchi ndisanaione nkhope. Chivundikiro cha mazinga, chimene chili ndi timipata m'mbali mwake tokolekamo chotsegulira, kapena chomangidwa ndi tisikuluwu tinayi, chimafinya kamphira mofanana mbali zonse ndipo chimatsekeka bwino ngakhale chitatsegulidwa kangapo. Chongokanikiza chimapindika ndi kampeni kaja.

Za injini yankho kwa munthu wofuna yotsika mtengo ndi yolimba ndi limodzi: ya batire, yolembedwa QUARTZ. Seiko itatulutsa yoyamba, Astron, pa 25 Disembala 1969, mtengo wake unali wofanana ndi wa galimoto yaing'ono, koma lero luso limenelo lafika kwa tonse. M'kati muli kamwala kakang'ono kamene magetsi a batire amakanjenjemeretsa ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo kachipangizo kena kamagawa nambalayo mpaka kutsala kugunda kumodzi pa sekondi, kumene kumasuntha muvi. Injini wamba yotere imatsalira kapena kutsogola ndi masekondi osapitirira 20 pa mwezi. Ziwalo zake zoyenda ndi zochepa ndi zopepuka, choncho ikagwa pansi nthawi zambiri imapitiriza ulendo. Yofala kwambiri ndi Miyota 2035, yopangidwa ndi kampani ya m'gulu la Citizen ku Japan, imene ili m'mawotchi a mayina ambirimbiri. Ikafa, wokonza sachita kuiphwasula, amangoichotsa n'kuikamo ina.

Ndikudziwa kuti ambiri mtima wathu uli pa Seiko 5, ija yopanda batire, yoyenda ndi kugwedezeka kwa mkono. M'mabanja ambiri a ife amene makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino, wotchi yotere inali chuma cha bambo, yovala popita kutchalitchi ndi pobwerera kumudzi. Ndi wotchi yabwino, inayamba mu 1963 ndipo ikupangidwabe. Koma tinene zoona zake. Injini zotere zotsika mtengo zimaloledwa kutsalira kapena kutsogola ndi masekondi makumi angapo pa tsiku, osati pa mwezi. Mukaivula Lachisanu madzulo, pofika Lolemba yaima, poti mphamvu yake ndi ya maola pafupifupi 40. Ikayandikira maginito a sipika imayamba kuthamanga. Pakapita zaka imafuna kuphwasulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, ntchito imene ingadule kuposa wotchi yatsopano ya batire. Akale ambiri ndi a 30M chabe. Samalaninso ndi aja okonzedwanso, a nkhope zopentedwa mitundu yowala, amene amagulitsidwa motchipa pa intaneti: m'kati mwake mumakhala ziwalo zotoleratolera, ndipo za madzi musayembekezere chilichonse.

Ngati thumba likulola, pali wotchi imene imathetseratu vuto la tsiku losintha batire lija, ndiyo yoyendera kuwala. Citizen inatulutsa ya mivi yoyamba mu 1976 ndipo masiku ano mawotchi ake otere imawatcha Eco-Drive. Seiko ndi Casio nawonso ali nawo awo. Pansi pa nkhope pali kasola kamene kamadzaza kabatire kotchajika, ndipo ambiri akadzaza amayenda miyezi 6 ali mumdima. Dzuwa la Harare ndi lokwanira ndi kutsala. Phindu lenileni ndi lakuti wotchi imatha zaka zambiri isanatsegulidwe, choncho chivundikiro chimakhala monga anachitsekera ku fakitale. Imangodana ndi kukhalitsa m'kabati kapena pansi pa mkono wa juzi nyengo yonse yozizira. Muziiika pawindo nthawi ndi nthawi, koma osati padashibodi ya galimoto yotsekedwa masana, chifukwa kutentha kwa pamenepo kumaononga kabatire ndi timphira tomwe.

Thupi la wotchi ndi pamene chikomekome cha mkuyu chimagwirira anthu. Werengani bwino zolembedwa kumbuyo. STAINLESS STEEL BACK ikutanthauza kuti chivundikiro chokha ndiye chitsulo chosachita dzimbiri, thupi lonselo ndi chitsulo china chofewa chokutidwa ndi utoto wonyezimira wa siliva kapena wa golide. Ena amalemba poyera kuti BASE METAL. Thukuta limadya utotowo kuyambira m'makona, pansi pake pamatuluka timaenje, pamkono pamatsala zobiriwira, ndipo anthu ena khungu limayabwa n'kutuluka totupa. Timaenjeto tikafika pamene kamphira kamakhala, madzi apeza njira ngakhale kamphirako katakhala katsopano. Yolembedwa ALL STAINLESS STEEL ndiye yachitsulo yonse. Ngati ndalama sizikufika pamenepo, bola ya pulasitiki yakuda ya kampani yodziwika kusiyana ndi yagolide yabodza. Pulasitiki sichita dzimbiri, ndi yopepuka, ndipo ikagunda pakhomo la kombi imameza mphamvu ina ya kugundako.

Magalasi alipo a mitundu itatu. La pulasitiki limakandika msanga koma silisweka wamba, ndipo mikwingwirima yaing'ono imachoka mukalikhula ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu. La MINERAL, limene lili pa mawotchi ambiri a mtengo wapakati, limapirira makiyi ndi ndalama zachitsulo koma osati mchenga. Pa muyezo wa Mohs wa kulimba kwa zinthu, galasi lotere lili pakati pa 5 ndi 6, pamene timiyala ta mumchenga wa kumtsinje ndi m'matanthwe ngati a ku Epworth tili pa 7. Ndiye womanga nyumba kapena woumba njerwa akapukuta galasi lafumbi ndi malaya, akulikanda yekha. La SAPPHIRE lili pa 9, mchenga sulikanda, koma limakweza mtengo ndipo likamenyedwa kwambiri limasweka. Kwa munthu wa ntchito zamanja, chothandiza kwambiri ndi mkombero wotukuka umene umabisa galasi pang'ono, kuti khoma liyambe kugunda mkomberowo.

Lamba ndiye amayamba kutha pa wotchi iliyonse, ndipo anthu ambiri amataya wotchi yamoyo chifukwa cha lamba. Wachikopa ndi wokongola koma sagwirizana ndi madzi: amamwa thukuta, amanunkha, amathetheka. Wapulasitiki amapirira madzi koma pakapita zaka amauma n'kuduka pabowo limene mumamangira. Wachitsulo amakhalitsa, ngakhale wotchipa uja wa malata opindapinda amazula ubweya wa pamkono. Musanagule, onani ngati lamba walumikizidwa ndi timipiringidzo ta sipuling'i pakati pa nyanga ziwiri zowongoka, ndipo mufunse m'lifupi mwake. Ngati ndi mamilimita 18, 20 kapena 22, lamba wina mudzamupeza paliponse. Mawotchi ena ali ndi lamba woumbidwa mwapadera woti amakwana pa mtundu umenewo wokha, ndipo akaduka mumayenda tauni yonse. Ine ndimakonda wa nayiloni wopita pansi pa wotchi kudutsa timipiringidzo tonse tiwiri. Amachapika, amauma msanga, ndipo kampiringidzo kamodzi kakathyoka wotchi imalendewera pa kenako m'malo mogwera m'ngalande.

Mayina ochepa oti muyambirepo. Casio MQ-24, yaing'ono yopepuka ija imene ana a sukulu amavala, ndi yolimba pa mtengo wake koma ndi ya WATER RESIST chabe, ya mvula ndi kusamba m'manja. Casio MRW-200H ndi ya pulasitiki, ya 100M, imaonetsa tsiku ndi deti, manambala ake ndi akuluakulu, ndipo kwa munthu wa ndowa ndi mjigo ndi imene ndingayambe kutchula. Ya amayi yofanana nayo ndi LRW-200H, nayonso ya 100M. Duro ija ndi yachitsulo ndipo ndi yaikulu, mamilimita pafupifupi 44, moti pamkono wowonda imalemera ndi kukola m'malaya. Q&Q, imene ili m'gulu la Citizen, ili ndi mitundu yambirimbiri, ina ya 10 BAR ina ya madzi owaza chabe, choncho werengani iliyonse payokha. Timex ili ndi ubwino wa nyale yake ya Indiglo imene imawalitsa nkhope yonse mukakanikiza kamutu, chinthu chothandiza magetsi akazima, koma mitundu yake yotchuka yotsika mtengo ndi ya 30M kapena 50M, ndipo ina imagunda mokweza moti usiku mumaimva.

Za usikuzi, utoto wowala mumdima umene amapaka pamivi umamwa kuwala masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Pa mawotchi otchipa umazirala pakapita nthawi yochepa. Nkhope yakuda ya mivi yoyera yonenepa, kapena yoyera ya mivi yakuda, imawerengeka m'chisisira kuposa ya mivi yasiliva pa nkhope yasiliva.

Vuto lalikulu mu Harare si kusowa kwa mayinawa, koma kuchuluka kwa mafeki ake. Amene timawatcha zhing-zhong amabwera atalembedwa chilichonse: 100M, JAPAN MOVT, ngakhale dzina la kampani yomwe. Kulemba n'kosavuta. Wotchi yeniyeni ya Casio ili ndi nambala ya injini m'kabokosi kojambulidwa pachivundikiro, pambali pa nambala ya mtundu wake, ndipo ziwirizi mutha kuzifufuza pa foni muli pomwepo n'kuyerekeza ndi chithunzi cha kampani. Zilembo za yeniyeni ndi zakuthwa ndi zofanana, za feki zimakhala zonenepa kapena zopendekera. Ngati pankhope pali timawotchi ting'onoting'ono, kanikizani mabatani muone ngati timayendadi, chifukwa pa mafeki ambiri timivi take ndi tongomata. Kokani kamutu mumve ngati kakugwira kapena kakungogwedera. G-Shock ya Casio ndi imodzi mwa zokopedwa kwambiri, moti mukaipeza yatsopano pamtengo wa mbale ziwiri za sadza, dziwani kuti si imeneyo. Funsani lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa. Wogulitsa amene wati "mukadzaona vuto mudzangobwera, amalume" koma osalemba kanthu, mawa mudzapeza pamalopo pali wogulitsa masokosi. Amene mumatumiza achibale ku Johannesburg, atumizireni nambala yeniyeni ya mtundu, monga MRW-200H, osangoti "wotchi ya Casio yakuda", ndipo akagule m'sitolo yopereka lisiti.

Yakale yogulidwa kwa munthu ikhoza kukhala yabwino, makamaka yachitsulo chonse, koma muziitenga ngati yolowa madzi mpaka timphira take titasinthidwa. Yang'anani m'mphepete mwa nkhope ndi pamivi: madontho achikasu kapena dzimbiri ndi umboni wakuti inamwapo kale.

Nanga galasi likachita nkhungu? Kankhungu kopyapyala kamene kamabwera mukatuluka m'nyumba yofunda kulowa m'chisanu cha m'mawa, n'kuchoka pakapita mphindi zochepa, kakhoza kukhala chinyezi cha mpweya umene unatsekeredwa kale m'kati. Koma kakamabwera pafupipafupi, kakamakhalitsa, kapena mukaona timadontho pansi pa galasi, madzi alowa ndipo dzimbiri liyamba m'masiku ochepa. Kuikwirira mumpunga sikuthandiza, poti madzi ali kuseri kwa timphira ndipo mpunga uli kunja. Kuiyanika padzuwa kumangosandutsa madziwo nthunzi imene imazungulira m'kati momwemo, madzulo n'kukhalanso madontho. Pitani nayo kwa wokonza tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, atsegule, achotse batire, atulutse injini ndi nkhope ziume, kenako afufuze khomo limene madziwo analowera asanatseke. Injini ya batire ikapezeka kuti yadyeka, ina imapezeka ndipo siidula kwenikweni. Nkhope yothimbirira ndi mivi ya dzimbiri ndiye zovuta kupeza, chifukwa mtundu uliwonse wa wotchi uli ndi zakezake.